Funsani Mlangizi: Kodi ayezi ndi mankhwala a khungu la nkhope?

Mwezi uno makalata ambiri amene afika pa tsamba lino akukamba za chinthu chimodzi, ndicho mchitidwe wodzitikita kumaso ndi ayezi, umene wafala pakati pa atsikana ndi amayi ngakhalenso abambo ena amene sakonda kuulula. Tasankhapo makalata asanu ndi imodzi, ndipo ena tawafupikitsa kuti malo atikwanire.

FUNSO: A Mlangizi, ndine mtsikana wa zaka 24 ndipo ndimagwira ntchito mu ofesi. Pa TikTok ndakhala ndikuona akazi akunja akudzitikita kumaso ndi ayezi m'mawa uliwonse, ndipo amati zimenezi zimatseka timabowo ta pakhungu, zimachotsa makwinya komanso zimawalitsa nkhope. Ndayesa kwa milungu itatu. Ndikangomaliza nkhope imasalala ndithu, koma ikamakwana nthawi ya nkhomaliro imakhala itabwerera mwakale. Kodi ndikulakwitsa pati? (Wowerenga wa ku Lilongwe)

YANKHO: Achemwali, simukulakwitsa paliponse, mwangodzionera nokha pamene mphamvu ya ayezi imathera. Pansi pa khungu la nkhope pali timitsempha ta magazi tambirimbiri, ndipo khungu likazizidwa timitsempha timeneti timafinyika pofuna kusunga kutentha m'kati mwa thupi. Magazi akachepa pamwamba, kutupa kumene kunabwera chifukwa cha madzi odikha m'minofu usiku wonse, makamaka kuzungulira maso, kumaphwa, n'chifukwa chake munthu amene wadzuka ndi zikope zolemera amaoneka wopepukidwa akangoika chinthu chozizira kumaso. Kuzizira kumachititsanso kadzanzi, moti kuyabwa ndi kuwawa zimayamba zaleka. Koma khungu likangofundanso timitsempha tija timabwerera mmene tinalili, ndipo nkhope imene munagona nayo dzulo ndi yomweyo imene mumadya nayo nsima masana.

Kuwala kumene amakutamako nakonso kuli ndi chiyambi chake. Dokotala wa ku Britain, Thomas Lewis, anafotokoza mu 1930 kuti chala chikakhalitsa m'madzi ozizira kwambiri, mitsempha imene inafinyika imatseguka yokha kenako n'kufinyikanso, mosinthanasinthana, chifukwa thupi silifuna kuti mnofu ufe. Mukachotsa ayezi pa tsaya magazi amabwerera mwamphamvu, khungu limaoneka lamoyo kwa kanthawi, ndipo ngati pali nyali yabwino ndi foni yodziwa kusalaza nkhope, woonera amakhulupirira kuti kwachitika zozizwitsa.

Timabowo ta pakhungu tilibe minofu yotsekera kapena kutsegulira ngati chitseko. Kabowo kalikonse ndi khomo limene kaubweya kamamerera ndi pamene mafuta a khungu amatulukira, ndipo kukula kwake kumatengera chibadwa, kuchuluka kwa mafutawo ndiponso zaka za munthu. Makwinya amabwera pamene ulusi wolimbitsa khungu, umene madokotala amautcha kolajeni, ukuchepa chifukwa cha ukalamba, dzuwa ndi fodya, ndipo mphindi ziwiri za kuzizira sizingaubwezeretse. Pa nkhani ya makwinya, chipewa cha khonde ndi mafuta oteteza ku dzuwa zimachita zambiri kuposa firiji yonse.

Ngati mumakonda mmene nkhope imapepukira m'mawa, sindikuletsani, koma chitani mwaulemu kwa khungu lanu. Ayezi akamatuluka mufiriza amakhala pa madigiri pafupifupi 18 pansi pa ziro, ndipo akakhudza khungu lonyowa amatha kumatirira ngati ulimbo. Yambani mwasamba kumaso, kulungani ayeziwo m'kansalu koyera kopyapyala, muziyendetsa mozungulira osaima pamalo amodzi, ndipo mphindi imodzi kapena ziwiri ndi zokwanira pa tsiku. Khungu likayamba kutuwa, kuuma gwa kapena kumva ngati moto, lekani pomwepo. Mukamaliza dzolani mafuta anu a masiku onse, poti kuzizira kumasiya khungu louma. Chinthu china chimene makanema aja satchula ndi ukhondo wa ayeziwo. M'mafiriji athu ambiri kathireyi ka ayezi kamagona limodzi ndi chambo, nkhuku ndi nyama yosaphika, ndipo magetsi akazima zonsezi zimasungunuka, madzi ake n'kudontherana, kenako n'kuumanso. Kuzizira sikupha tizilombo toyambitsa matenda, kumangotigoneka. Gwiritsani ntchito madzi owiritsa, aumitseni m'kachidebe kovundikira, ndipo zibuma za ayezi za kumsika wa nsomba zisafike kumaso kwanu.

FUNSO: A Mlangizi, ndine wophunzira wa zaka 19 ndipo ziphuphu zandisowetsa mtendere. Mnzanga wa m'chipinda chogona anandiuza kuti ndithire mchere ndi madzi a mandimu pa ayezi, kenako ndikanikize pa chiphuphu mpaka pachite dzanzi. Ndinatero usiku wina. M'mawa mwake panatuluka thuza, ndipo tsopano pa tsaya pali banga lakuda lalikulu ngati kobidi la K5. Anthu ena akuti ndigule mafuta oyeretsa khungu kuti bangalo lichoke. Ndithandizeni. (Wophunzira wa ku Zomba)

YANKHO: Mwana wanga, pepani kwambiri, chimene chakuchitikirani ndi kupsa, kungoti mwapsa ndi kuzizira m'malo mwa moto. Mchere ukasakanikirana ndi ayezi umawasungunula mofulumira, ndipo madzi amchere amene amatuluka amatha kuzizira mpaka madigiri 21 pansi pa ziro, akukhuthukira pa khungu ponseponse. Nzeru imeneyi si yachilendo. Cha m'zaka za m'ma 1840 dokotala wa mu mzinda wa Brighton ku England, James Arnott, ankasakaniza ayezi wophwanya ndi mchere pofuna kuchititsa dzanzi pa thupi la wodwala ndi kuchepetsa ululu wa zotupa, nthawi imene mankhwala a dzanzi amene tili nawo lero kunalibe. Chinthu chimene chinkatha kuthetsa ululu wa chotupa n'champhamvu kwambiri kwa kachiphuphu ka pa tsaya, ndipo choopsa chake chagona pa dzanzi lomwelo limene mnzanuyo anakuuzani kuti muliyembekezere, chifukwa pamalo pakachita dzanzi munthu samvanso kuti akupsa. Mandimu anangowonjezera moto, popeza madzi ake amalumaluma pa khungu lovulala, komanso akatsalira pakhungu n'kuwombedwa ndi dzuwa amasiya mabanga akuda.

Khungu lathu lakuda lili ndi khalidwe limene anthu ambiri ojambula makanema aja, omwe khungu lawo ndi loyera, sakumana nalo kwenikweni. Likavulala mwa njira iliyonse, kaya ndi kupsa, kufinya chiphuphu kapena kukanda, maselo amene amapanga mtundu wa khungu amachulutsa ntchito pamalo povulalapo, ndipo chilonda chikapola pamatsala banga. Mzungu akapsa ndi ayezi amafiira masiku angapo n'kuiwala, pamene ife timayenda ndi chizindikiro kwa miyezi ingapo, nthawi zina kupitirira chaka. Banga lanulo lizimiririka pang'onopang'ono ngati simulisokoneza. Ngati pakadali kachilonda, tsukani ndi madzi oyera ndi sopo wosalukuta, pakanipo Vaseline pang'ono, osachotsa nkhanambo, ndipo mukaona mafinya kapena kutupa kukukula pitani kuchipatala. Pakapola muzipaka mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposerapo m'mawa uliwonse, chifukwa dzuwa limadetsa banga msanga kuposa khungu lozungulira.

Za mafuta oyeretsa khungu ndikukanizani kwamtuwagalu. Ambiri mwa amene amagulitsidwa m'misika amakhala ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol kapena betamethasone, amene ndi a matenda ena a khungu ndipo amayenera kuperekedwa ndi dokotala kwa nthawi yochepa. Munthu akamawadzola kumaso kwa miyezi, khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ndipo ziphuphu zimachuluka kuposa kale. Ena amakhala ndi hydroquinone, amene akagwiritsidwa ntchito kwa nthawi yaitali amadetsa masaya m'malo mowayeretsa, ndipo ena ali ndi mercury amene amawononga impso.

Ziphuphu zenizenizo zimayamba pamene kabowo katsekeka ndi mafuta komanso khungu lakufa, ndipo tizilombo totchedwa Cutibacterium acnes, timene timakhala pa khungu la aliyense, timaswana m'katimo. Ayezi okulungidwa m'nsalu angachepetse ululu ndi kutupa kwa chiphuphu chachikulu chamkati kwa ola limodzi kapena awiri, koma satsegula kabowoko ndipo sapha tizilomboto. Kufamase funsani benzoyl peroxide wa 2.5 kapena 5 peresenti, muyambe ndi pang'ono usiku, ndipo mudekhe mtima chifukwa kusintha kumaoneka pakatha milungu 6 mpaka 8. Dziwani kuti mankhwalawa amasulutsa mtundu wa mapilo ndi mathaulo. Ziphuphu zikakhala zikuluzikulu ndiponso zosiya zipsera, achipatala amatha kupereka mapiritsi monga doxycycline, ndipo zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi gawo loona za khungu.

FUNSO: Kwathu kuno kulibe magetsi, ndiye za firiji timangomva. Mwana wanga wamkazi amene ali ku tauni akuti ndikutsalira, chifukwa amayi a masiku ano amasamba kumaso ndi ayezi. Kodi pali chimene ndingachite kuno kumudzi? (Mayi wa ku Mchinji)

YANKHO: Amayi, simukutsalira ayi, ndipo kunena mwachilungamo njira yanu ndi imene ndimaikonda. Mtsuko wadothi umatuluka thukuta kunja kwake, thukutalo likamauma limachotsa kutentha, n'chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira bwino ngakhale mu Okutobala. Kuzizira kwake n'kokwanira kufinya timitsempha ta pakhungu, koma sikungathe kuwotcha munthu. Tungani madziwo m'kapu, viikani kansalu koyera, finyani pang'ono ndipo muike pa zikope kwa mphindi zisanu kapena khumi. Masupuni awiri amene agona m'madzi omwewo kapena tizidutswa ta nkhaka zimagwira ntchito yofanana. Mu Juni ndi Julayi, pamene khungu limachita mbuu ndipo milomo imang'aluka, zozizirazi muzisiye kaye n'kulimbikira kudzola mafuta.

FUNSO: A Mlangizi, ndine bambo wa zaka 35. Ndikameta ndevu ndi leza pamatuluka tinsungu toyabwa pachibwano ndi pakhosi. Wometa wanga amandithira sipiliti kenako amati ndikafika kunyumba ndiikepo ayezi. Kodi zimenezi zingathetse vutoli? (Bambo wa ku Mzuzu)

YANKHO: Achimwene, kansalu kozizira mukangometa kamachepetsa kuwawa ndi kuyabwa, ndipo pamenepo wometa wanu sananame, koma gwero la tinsunguto ndi tsitsi lenilenilo. Ndevu zathu n'zopotana, ndipo zikadulidwa mofupika kwambiri ndi leza nsonga yake imakhala yakuthwa, ikamakula imapindika n'kulasa khungu, thupi n'kumalimbana nayo ngati kuti ndi munga. Sipiliti wofiirira uja ndi woyenera kutsukira makina, pa khungu amangowotcha ndi kuumitsa. Siyani kumeta kwa milungu itatu kapena inayi kuti tsitsi lolowa m'khungu lituluke, kenako muzimeta ndi makina amene amasiya ndevu zotalika pafupifupi milimita imodzi. Ngati kuntchito amafuna chibwano chosalala, fewetsani ndevu ndi kansalu kofunda musanamete, yendetsani leza motsata kumene tsitsi laloza popanda kukoka khungu, ndipo chozizira chibwere pomaliza. Zipsera zolimba zotukuka zimene ena amakhala nazo pachibwano kapena kunkhongo sizimva ayezi, zimafunika kuonedwa ndi dokotala wa khungu.

FUNSO: Ndimakhala ku Johannesburg, ndipo saluni ina pafupi ndi kuntchito kwanga ikutsatsa chimene akuti cryo facial, pamene amakupopera mpweya wozizira kwambiri kumaso. Mtengo wake ndi wokwera. Akuti ndi chithandizo chomwecho chimene madokotala amagwiritsa ntchito. Mnzanga akuti ndisawononge ndalama, ndingomiza nkhope m'beseni la madzi a ayezi. Ndimvere ndani? (Wowerenga wa ku South Africa)

YANKHO: Achemwali, apa pasakanikirana zinthu zitatu zimene zimangofanana pogwiritsa ntchito kuzizira. Choyamba ndi chithandizo chenicheni cha kuchipatala, pamene dokotala amagwiritsa ntchito nayitirojeni wamadzi, yemwe amazizira madigiri 196 pansi pa ziro, kuwotchera njerewere ndi timatenda tina ta pakhungu. Cholinga chake ndi kupha mnofu wosafunika, pamalo ochepa, kwa masekondi owerengeka, ndipo pambuyo pake pamatuluka thuza. Ngakhale m'manja mwa dokotala chithandizochi chimafuna kusamala kwambiri pa khungu lakuda, chifukwa maselo opanga mtundu wa khungu ndi amene amafa msanga, pa madigiri ochepa chabe pansi pa ziro, pamene maselo ena a khungu amapirira mpaka cha m'ma 20 pansi pa ziro. Zotsatira zake limakhala banga loyera limene nthawi zina silibwereranso mwakale.

Chachiwiri ndi zipinda zoziziritsa thupi lonse, zimene zinayambira ku Japan mu 1978 pamene dokotala Toshima Yamauchi ankayesa kuchepetsa ululu wa odwala nyamakazi. Kuchokera kumeneko zinafalikira kwa ochita masewera, kenako kwa ogulitsa kukongola. Mu 2016 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza anthu kuti silinavomereze chipangizo chilichonse cha mtundu umenewu ngati chithandizo cha matenda. Chimene saluni yanu ikugulitsa ndi mwana wa zipinda zimenezi, kutanthauza mpweya wozizira woyendetsedwa pa nkhope kwa mphindi zingapo popanda kuumitsa khungu. Chikachitidwa bwino chimachita zimene kansalu kozizira kamachita, ndipo mphamvu yake imatha tsiku lomwelo. Chikachitidwa ndi munthu wosaphunzira, amene angaime pamalo amodzi kapena kuyandikitsa chipangizocho mopitirira, mungatuluke ndi banga limene mwalilipira nokha. Ine ndalama imeneyo ndikanagulira mafuta oteteza ku dzuwa a miyezi ingapo.

Kuti muone kuti kuzizira si chinthu chosewera nacho pa masaya, madokotala anazindikira kalekale kuti ana aang'ono amene amakhalitsa ndi zoyamwa zoundana m'kamwa amatha kutupa masaya chifukwa mafuta a m'tsaya avulala ndi kuzizira. Akatswiri awiri a ku Boston, Rox Anderson ndi Dieter Manstein, anatengerapo nzeru yopanga makina ochepetsa mafuta a m'thupi pogwiritsa ntchito kuzizira, amene anavomerezedwa ku America mu 2010. Amayi amene ana awo amakonda mafirizesi akumbukire zimenezi, ndipo khanda lisaikidwe ayezi pa tsaya ngakhale pamene mano akumera.

Chachitatu ndi beseni la mnzanu. Nkhope ikamizidwa m'madzi ozizira munthu atagwira mpweya, thupi limaganiza kuti lamira m'nyanja ndipo mtima umachepetsa kugunda nthawi yomweyo. Kwa munthu wathanzi masekondi 10 kapena 15 savuta, koma amene ali ndi vuto la mtima, makamaka wogunda mosalongosoka, kapena amene amakomokakomoka, asayese n'komwe. Ena oyenera kupewa kuzizira kotere ndi odwala matenda a magazi otchedwa sickle cell, popeza kuzizira kumatha kudzutsa ululu wa matendawa, amene amatuluka zidzolo zoyabwa akakhudzidwa ndi chozizira, amene zala zawo zimayera ndi kuchita dzanzi m'nyengo yozizira, ndiponso aliyense amene ali ndi zilonda kapena chikanga kumaso. Ndiwonjezerenso kuti munthu akapsa ndi moto kapena madzi otentha asaikepo ayezi, koma athire madzi ozizira a pampopi kwa mphindi 20.

FUNSO: A Mlangizi, ndine woyembekezera, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndi yoyamba. Kwa mlungu umodzi tsopano ndikumadzuka nkhope itatupa mpaka maso kuchepa, ndipo mphete yaukwati sikuvulikanso pa chala. Mutu ukumandipwetekanso. Apongozi anga akuti ndi mmene mimba imachitira, ndipo mlamu wanga akumandibweretsera ayezi kuti ndiziika kumaso. Kutupako kumaphwa pang'ono koma mawa lake kumabweranso. Kodi ndiziika kangati pa tsiku? (Mayi woyembekezera wa ku Balaka)

YANKHO: Amayi, kalata yanu tinaiyankha kale pa foni tsiku limene inafika, koma tikuisindikiza chifukwa cha amayi ena amene ali ngati inu. Kutupa pang'ono kwa mapazi madzulo n'kofala pa mimba, ndipo pamenepo apongozi anu akunena zoona. Koma kutupa kwa nkhope ndi manja kobwera mwadzidzidzi, mimba itapitirira milungu 20, limodzi ndi mutu wosamva mankhwala, ndi chizindikiro cha vuto la kuthamanga kwa magazi la amayi oyembekezera limene madokotala amalitcha pre-eclampsia, ndipo limakonda kugwira mimba yoyamba. Likalekereredwa limatha kuyambitsa kukomoka ndi kugwedezeka kwa thupi, ndipo limaika moyo wa mayi ndi mwana pa chiswe. Ayezi amangophwetsa kutupa kwa pamwamba kwa ola limodzi, pamene magazi akuthamangabe m'kati, ndipo kuphwa kwa kanthawiko ndi kumene kumachedwetsa munthu kupita kuchipatala.

Zimenezi zikukhudzanso anthu amene si oyembekezera. Mwana kapena wamkulu amene amadzuka zikope zitatupa tsiku ndi tsiku, mkodzo uli wa thovu kapena wochepa, ayenera kupimidwa impso. Munthu amene akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi monga enalapril kapena captopril n'kuona milomo kapena lilime zikutupa athamangire kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa kutupako kungatseke njira ya mpweya.

Mayi aliyense amene akuona zimene mayi wa ku Balakayu walemba asadikire tsiku la sikelo. Atenge buku lake la kuchipatala, apeze womuperekeza, ndipo akafika auze anamwino za mutu, za mphete ndi za nkhope, komanso ngati maso akuchita chidima kapena kuona timanyenyezi, kapena akumva kuwawa pansi pa nthiti za kumanja. Anamwino adzayeza kuthamanga kwa magazi kuti aone ngati kwafika pa 140/90 kapena kupitirira, adzapima mkodzo, ndipo adzamvetsera mtima wa mwana.